Mphatso ya Khrisimasi Yochokera M'munda ndi pa Mbaula

Alimi anzanga, Khrisimasi imatipeza pa nthawi yovuta. Likamafika tsiku la 25 Disembala, ndalama za nandolo zomwe tinagwira mu Ogasiti ndi Sepitembala zimakhala zitapita kale ku feteleza ndi mbewu, chimanga m'nyumba chayamba kuchepa, udzu m'munda ukufuna khasu, ndipo Januwale ali pakhomo ndi fizi ya ana a sukulu. Koma ndi nthawi yomweyinso pamene mtima umafuna kutumiza kanthu kwa ana ndi abale athu okhala m'tauni, komanso kulandira bwino alendo.

Ambiri timagwa m'ngongole sabata imeneyi. Wina amakatapa ku banki nkhonde, wina kwa akatapila, wina amagulitsa mbuzi yomwe amaidalira kuti idzamuombola mu Febuluwale, zonsezi n'cholinga chogula mapaketi a mabisiketi ndi zakumwa za m'sitolo zomwe ana amatha tsiku limodzi. Ine ndimalima kufupi ndi pa Boma kuno ku Phalombe, ndipo lero ndikufuna ndikufotokozereni m'mene ndinaphunzirira kukonza mphatso ya mabisiketi ophika ndekha, kuchokera ku mbewu za m'munda mwanga. Sindinaphunzire mosavuta ayi. Ndinayamba ndachita manyazi.

Ngongole yosalembedwa

Ife a kuno madzi timawadziwa. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi kukokolola anthu mazanamazana pamodzi ndi nyumba ndi minda, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, poti anadzakhala boma paokha mu 1998. Mu Malichi 2023 kunabweranso namondwe wa Freddy. Pakhomo pathu tinapulumuka tonse, koma chipupa chimodzi cha nyumba chinagwa, ndipo munda wa chimanga womwe unali utatsala pang'ono kucha unakwiririka ndi mchenga.

Mwana wanga wamwamuna amakhala ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre ndi banja lake. Mayi ake a mkazi wake, asewere anga, ndi mayi wamasiye yemwe amagulitsa tomato ndi masamba pa msika. Msewu utangoyamba kupitika, mayi ameneyu anatitumizira thumba la ufa, bulangete ndi ndowa. Sanali ndi chuma, ndiponso ku Blantyre nakonso kunali maliro a Freddy yemweyo. Chaka chonse chija ndinkati ndikafunda bulangete lija ndinkakumbukira kuti ndili ndi ngongole, ngakhale palibe anailemba m'kope.

Pofika Disembala ndinatsimikiza kuti ndiwathokoze. Tsoka ilo, mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi fulawa inakwera sabata yomweyo. Abambo a kunyumba anati, "Amayi, bwanji mungotengako ku banki nkhonde mugule za m'sitolo, tidzabweza tikakolola?" Ine ndinati, "Abambo, tikolola liti? Chiwongoladzanja sichidikira kuti chimanga chiche." Tinagwirizana kuti ndiphike ndekha.

Katoni yoyamba

Ndinadzuka m'mamawa pa 22 Disembala ndi kuphika zonse zomwe ndinkadziwa: chigumu chachikulu cha nthochi, zitumbuwa, mandasi, ndi mtedza wokazinga. Poopa kuchedwa, ndinaziika m'majumbo zikadali zotentha ndi kumanga kukamwa zolimba. Zonse ndinalonga m'katoni yomwe ndinapempha pa golosale, osalabadira kuti munkakhala sopo. Pamwamba ndinaikapo mango ndi kaphukusi ka matemba. Mnyamata wa kabaza anamanga katoni ija ndi malamba a labala pa keliyala mpaka pokwerera minibasi, ndipo ndinaipereka kwa mwana wa mnansi wanga yemwe ankapita ku Limbe. Iyeyo anayamba wagona kwa abale ake masiku awiri asanakapereke.

Mpongozi wanga anaimba foni ndi kunena kuti, "Amayi, talandira, zikomo kwambiri." Ine mtima unakhala pansi. Zoona zake ndinazimva mu Epulo kwa mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi atabwera ku holide. Anati, "Anganga, chigumu chanu chija chinali ndi ubweya, amama anataya. Mandasi ankanunkha sopo." Amayi ake anamudzudzula, koma mawu anali atatuluka kale. Nditafunsitsa, mpongozi wanga anaulula kuti mango anaphwanyika ndi kunyowetsa zonse, ndipo choti n'kupereka kwa asewere chinali mtedza wokha. Iye anachita kuwonjezapo paketi ya shuga ya ndalama zake kuti andibisire manyazi.

Usiku umenewo sindinagone. Shuga, mafuta ndi nkhuni zanga zinapita pachabe, ndipo munthu yemwe ndinkafuna kumuthokoza sanalawe kanthu ka manja anga.

Zomwe anandiphunzitsa mayi wina

Ku tchalitchi kwathu kuli mayi wina wachikulire yemwe kale ankaphunzitsa amayi zophika ndi zosoka m'midzi. Nditamufotokozera anaseka, kenaka anati, "Achemwali, simunalakwe kuphika, munalakwa kusankha. Chakudya cha ulendo ndi china, chakudya cha pakhomo ndi china." Anandiuza kuti mdani wamkulu ndi madzi. Chigumu, zitumbuwa ndi mandasi zili ndi chinyezi chambiri m'kati, motero m'nyengo yotentha ndi ya mvula ngati Disembala zimayamba kusasa ndi kuchita nkhungu pakangopita masiku awiri. Chinthu chotentha mukachitsekera m'jumbo, nthunzi imasanduka madzi ndi kufulumizitsa kuonongekako. Bisiketi ndi yosiyana chifukwa imaphikidwa mpaka kuuma, ndipo ikasungidwa m'chitini chotseka bwino imatha sabata ziwiri ili bwinobwino.

Anawonjeza kuti mphatso ya Khrisimasi ya mlimi siyambira pa mbaula koma m'munda, miyezi inayi tsikulo lisanafike. Ndinamvera, ndipo zotsatirazi ndi zomwe ndakhala ndikuchita kuyambira 2024.

Mbatata yofiira m'kati

Chinthu chodula kwambiri pa bisiketi ndi fulawa. Tirigu wolimidwa muno m'Malawi ndi wochepa, makamaka m'madera ozizira monga ku Tsangano ndi ku Neno, ndipo wambiri amachokera kunja. N'chifukwa chake mtengo wa fulawa unakwera nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, ndipo umakweranso nthawi zonse kwacha ikagwa. Njira ya mlimi ndi kuchepetsa fulawa posakaniza ndi zomwe walima yekha.

Mbatata yofiira m'kati ndiyo imandithandiza. Pali mitundu monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira, Mathuthu, Chipika ndi Anaakwanire, yomwe akatswiri a ku Bvumbwe mothandizana ndi bungwe la International Potato Center anaipereka kwa alimi. Kufiira kwakeko ndi chizindikiro cha zinthu zomwe thupi limasandutsa vitamini A, amene amathandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda. Ntchito yofalitsa mbatata imeneyi ndi yomwe inapatsa Maria Andrade, katswiri yemwe wagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique, pamodzi ndi anzake, mphoto ya World Food Prize mu 2016. Kwa wophika, phindu lake ndi lapafupi: mbatatayi imatsekemera yokha motero shuga amachepa, ndipo imapatsa bisiketi mtundu wokongola popanda kuthira mankhwala a utoto.

Vuto ndi lakuti mbatata ya kumunda imakumbidwa mu Meyi ndi Juni, ndipo pofika Disembala imakhala itatha kapena itafumbwa. Choncho ine ndimabzala mizere isanu ku dimba kumapeto kwa Ogasiti. Pakatha miyezi inayi ndimakumba, ndipo mbewu yake ndiyo ndimabzala kumunda mvula ikakhazikika. Mizere isanu yomweyo imandipatsa ndiwo za kholowa, mbatata ya mabisiketi, ndi mbewu yosagula.

Mtedza, chinangwa ndi mpendadzuwa

Pokolola mtedza ndimapatula ndowa imodzi yosasenda ndi kuisunga pouma, kutali ndi wa mbewu. Apa ndichenjeze alimi anzanga. Musadye mbewu chifukwa cha Khrisimasi, ndipo mbewu ya m'sitolo yopakidwa mankhwala a mtundu wofiira kapena wobiriwira musayerekeze kuikazinga, ngakhale mutaitsuka. Chachiwiri ndi chuku. Mtedza wofota, wosweka, wakuda kapena wowawa umakhala ndi poizoni yemwe amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo moto wokazingira sumupha. Musamawaze madzi pa mtedza pofuna kuti usendeke mosavuta, poti chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku. Sendani wouma, thirani pa lichero, ndipo sankhani njere imodziimodzi. Woipawo tayani, musapatse ana kapena kusinja nsinjiro.

Ufa wa chinangwa nawonso umalowa m'malo mwa fulawa, koma osati wa makaka akuda aja timadya ndi nandolo. Ufa wa mabisiketi umafuna chinangwa chosawawa, chosendedwa, chotsukidwa, chopalidwa tizidutswa ting'onoting'ono, chofinyidwa m'thumba loyera ndi kuyanikidwa pa thandala kuti chiume tsiku lomwelo. Ntchito imeneyi ndi ya mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, osati mvula itayamba. Mukasinja ndi kusefa, sungani m'chigubu chotseka. Pa makapu anayi aliwonse a fulawa, imodzi mukhoza kuchotsa ndi kuikapo ya chinangwa, ndipo wakudya sazindikira.

Mpendadzuwa timalima wambiri kuno ku Phalombe, koma ambiri timagulitsa wonse kwa mavenda kenaka n'kumagula mafuta a m'timachubu pa mtengo wokwera. Ngati kufupi ndi kwanu kuli makina oyengera, sungani thumba limodzi mukayengetse. Mafutawo muwasiye adikhe masiku angapo, muwasefe ndi kansalu koyera, ndipo muwasunge m'botolo louma pamthunzi. Mazira ndi a nkhuku zathu zomwe. Mukawerenga bwino, zogula zimatsala zinayi: fulawa, shuga, majarini pang'ono ndi baking powder. Zimenezi ndimagula pang'onopang'ono kuyambira pamene ndagulitsa nandolo, mitengo ya Disembala isanafike.

Kapangidwe ka mabisiketi a mbatata

Kapu yomwe ndikunena pano ndi yomwera tiyi, ndipo mugwiritse ntchito imodzi yomweyo poyeza zonse. Tengani makapu 3 a fulawa, kapu 1 ya mbatata yophika ndi kuphwanya, theka la kapu ya shuga, theka la kapu ya majarini, dzira 1, masupuni ang'ono 2 a baking powder, ndi mchere wotsina ndi zala.

Mbatata muiphike ndi makoko ake m'madzi ochepa, kuti isamwe madzi. Ikapsa itsanuleni, isiyeni izizire, isendeni ndi kuiphwanya mpaka pasakhale mibulu. Sefani fulawa pamodzi ndi baking powder ndi mchere m'beseni. Ikanimo majarini ndi kufikisa ndi zala mpaka zioneke ngati mchenga. Thiranimo shuga, kenaka mbatata ndi dzira, ndi kusakaniza mpaka zigwirane. Musathire madzi kapena mkaka pokhapokha zikakana kugwirana, ndipo mukatero ikhale supuni imodzi yokha. Musakande nthawi yaitali ngati mukupanga buledi, chifukwa bisiketi yokandidwa kwambiri imalimba ngati chikopa.

Wazani fulawa pang'ono pa tebulo loyera ndi kupyapyalitsa ndi botolo lotsuka bwino, mpaka kuchindikala kwake kukhale ngati theka la chala chaching'ono. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa. Bisiketi ya mbatata ikachindikala imasanduka sikono, m'kati mumatsala chinyezi, ndipo siyenda ulendo. Dulani ndi kukamwa kwa tambula yaing'ono, ndipo iliyonse muibaye ndi foloko kawiri kuti nthunzi izituluka.

Mabisiketi a mtedza

Awa ndi omwe akuluakulu amakonda ndi tiyi, ndiponso ndi omwe amakhalitsa. Tengani makapu 2 a fulawa, kapena imodzi ndi theka ya fulawa ndi theka ya ufa wa chinangwa, kapu 1 ya mtedza wokazinga, wopukusa ndi kusinja mosalalitsa, theka la kapu ya shuga, theka la kapu ya mafuta a mpendadzuwa, dzira 1, supuni yaing'ono 1 ya baking powder ndi mchere pang'ono. Posinja mtedza musapitirize mpaka usanduke chiponde, tizidutswa tizimveka m'kamwa. Ngati muli ndi mtengo wa mandimu, palani khungu lobiriwira la ndimu limodzi ndi kuthiramo, fungo lake limaposa la m'botolo.

Sakanizani zouma poyamba, kenaka mafuta ndi dzira. Umbani timipira tofanana ndi dzira la nkhunda, tiikeni pa chiwaya ndi kutipsinja ndi foloko. Siyani mpata pakati poti timafufuma.

Chachitatu chomwe ndimaika mu mphatso ndi mtedza wa shuga. Makapu 2 a mtedza wosaphika, kapu 1 ya shuga ndi theka la kapu ya madzi, zonse m'chiwaya pa moto wochepa, n'kumatakasa osaleka. Madzi akaphwa shuga amauma ndi kumatirira pa njere. Pitirizani kutakasa mpaka mtedza upse, kenaka yalani pa thireyi kuti uzizire.

Uvuni ya mlimi

Kusowa kwa magetsi kusakuletseni. Tengani poto wamkulu wokhala ndi chivundikiro cha chitsulo, kapena mumuvundikire ndi chidutswa cha lata choyera. Pansi pake thiranimo mchenga wouma wa kumtsinje wokwana zala ziwiri kuchindikala, ndipo pa mchengapo ikani timiyala titatu. Muikeni pa mbaula atenthe kwa mphindi 15. Mbale ya chitsulo kapena chiwaya chopaka mafuta pang'ono chikhale pa timiyala tija, osati pa mchenga. Vundikirani ndi kuika makala a moto pamwamba. Makala ambiri akhale pamwamba, ochepa pansi. Amene mulibe makala, zitsononkho za chimanga ndi mapesi ouma a nandolo zimapereka moto wokwanira.

Kuti mudziwe ngati moto uli bwino, wazani fulawa pang'ono pa chiwaya. Ikada msanga moto wachuluka. Ikasintha pang'onopang'ono kukhala yofiirira, yambani. Mabisiketi amapsa pakati pa mphindi 15 ndi 20, ndipo musamavundukule pafupipafupi. Oyambirira achepe, anayi kapena asanu, akhale oyesera. Ine oyamba anga anapserera pansi pamwamba pasanapse, ndipo anadya ndi adzukulu a mnansi wanga.

Chinsinsi chachikulu chomwe mayi uja anandipatsa ndi kuphika kawiri. Mukamaliza onse, moto utazilala, bwezeranimo mabisiketi a mbatata aja kwa mphindi 10 kuti chinyezi chotsala chichoke. Kenaka yalani pa lichero loyera, osasanjikiza, ndi kuvundikira ndi kansalu kopyapyala poteteza ntchentche. Azizire mpaka asamveke kufunda ngakhale pang'ono. Thyolani imodzi: ikathyoka ndi kaphokoso yauma, ikapindika ibwezereni pa moto. Musaphike tsiku lomwe mvula ikuvumba kuyambira m'mawa ngati mungathe kudikira, poti bisiketi imakoka chinyezi cha mumpweya.

Kulonga

Pezani chitini kapena kandowa kakang'ono ka pulasitiki kotseka bwino, komwe munali chakudya, monga mkaka wa ufa kapena majarini. Chitsukeni ndi kuchiyanika pa dzuwa tsiku lathunthu. Chigubu kapena chitini chomwe munali mankhwala a mbewu, a thonje, a fodya, kapena parafini musachigwiritse ntchito ngakhale mutachitsuka kangati. Pepala la nyuzi ino mukuwerengayi ndi labwino kutsekera mipata kunja kwa chitini, koma lisakhudze chakudya chifukwa inki yake imasungunuka ndi mafuta. M'kati yalani pepala loyera losalembapo.

Mtundu uliwonse ukhale m'kathumba kakekake. Mukasakaniza a mbatata ndi a mtedza, ouma amakoka chinyezi kwa anzawo ndipo onse amafewa. Olimba, omwe ndi a mtedza, akhale pansi. Sanjani mothithikana kuti pasakhale mpata wogwederera, ndipo mpata wotsala pamwamba mutseke ndi kathumba ka mtedza wa shuga. Mukatseka, gwedezani chitini pafupi ndi khutu. Mukamva kugubuduka, dziwani kuti pofika ku Chitakale mudzakhala muli zinyenyeswa zokhazokha.

Chitinicho chiikeni m'jumbo poteteza mvula, kenaka m'katoni yosanunkha kanthu. Mango, chinanazi, matemba ndi nkhuku ziyende pazokha. Pa kapepala lembani tsiku lomwe mwaphika, ndipo mutchule kuti muli mtedza, chifukwa alipo ana ena omwe mtedza umawatupitsa thupi ndi kuwabanikitsa. Wotumidwa akhale munthu yemwe akafika tsiku lomwelo, ndipo mumupemphe anyamule pamiyendo, osati kuseri kwa minibasi komwe kumapsinjidwa ndi matumba a makala ndi nandolo. Olandira muwaimbire foni kuti adziwe tsiku.

Kodi pali phindu?

Musanayambe, khalani pansi ndi pensulo. Lembani mtengo wa fulawa, shuga, majarini, baking powder ndi makala, ndipo musaiwale kuika mtengo pa mbatata, mtedza ndi mazira anu, poti mukanagulitsa mukanapeza ndalama. Muwonjezepo ya wotumidwa. Kenaka yerekezani ndi mtengo wa mapaketi a m'sitolo odzaza chitini chomwecho. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, motero aliyense awerengere pa msika wa kwawo. Ine nditawerenga ndinapeza kuti zochoka m'thumba zinali zochepa ndithu, ndipo chachikulu n'chakuti sindinakongole kwa munthu. Paketi imodzi ya fulawa ya makilogalamu 2, yosakaniza ndi mbatata ndi chinangwa, inakwanira zitini ziwiri ndi mbale ya pakhomo.

Amayi ena a m'gulu lathu ataona anayamba kusonkherana: wina mazira, wina mtedza, wina makala, n'kuphika tsiku limodzi pa mbaula ziwiri ndi kugawana. Njira imeneyi imapulumutsa makala, ndiponso amene alibe dimba amapeza mbatata posinthana ndi mtedza. Amene mungafune kugulitsako pa msika kapena pa sukulu, yambani ndi zochepa, ndipo ukhondo ukhale patsogolo: manja osamba ndi sopo, mpango kumutu, ndi madzi a pa mjigo.

Chitini chinabwerera

Chaka cha 2024 chinali cha chilala, ndipo chimanga sitinakolole chokwanira. Koma dimba silinatinamize. Pa 21 Disembala ndinaphika, pa 22 ndinalonga, ndipo pa 23 abambo ananyamula okha zitini ziwiri mpaka ku Bangwe kudzera msewu wa Midima, katoni ili pamiyendo ulendo wonse. Chimodzi chinali cha adzukulu, china cha asewere.

Madzulo a tsiku la Khrisimasi foni inalira. Anali asewere. Anati, "Asewere, mwagula kuti mabisiketi amenewa? Alendo anga akufunsa dzina la sitolo." Ndinati, "Sitolo yake ndi dimba langa, asewere." Anaseka, kenaka anati, "Koma musamadzivutitse choncho, bulangete lija linali lakale." Ndinawayankha kuti lakale lomwelo ndi lomwe linatifunditsa pamene tinalibe chipupa.

Mu Januwale mwana wanga atabwera kudzaona munda, anabweretsa chitini chija. M'kati munali paketi ya shuga ndi kathumba ka mbewu ya tomato. Akuluakulu anati kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana, ndipo chitini chimenechi chakhala chikuyenda pakati pa Phalombe ndi Bangwe kuyambira pamenepo.

Tsono alimi anzanga, ngati Khrisimasi yayandikira ndipo mulibe mbatata ya ku dimba, musataye mtima. Pangani a mtedza okha ndi mtedza wa shuga, ndi zokwanira. Koma chaka chamawa yambani msanga. Patulani mtedza pokolola, bzalani mizere ya mbatata mu Ogasiti, konzani ufa wa chinangwa mu Okutobala, ndipo gulani fulawa ndi shuga ndalama za nandolo zikadali m'manja. Za komwe mungapeze mbewu yabwino ya mbatata yofiira m'kati, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.